Galimoto Yosayenda ya pa Mpingu

Joni,
9 Malichi 2024

Okondedwa Ababa,

Moni wa mwa Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Nsaru? Nanga Amayi ali bwanji ndi mwendo wawo uja? Kuno ndili bwino. Ndalemba kalata monga munandiuzira, poti pa foni timangokuwirana, inu osandimva. Alamu anga a Patricia akaisindikizitsa pa shopu ya kumsika n'kukubweretserani. Mundiuze za kumunda. Ndamva kuti mu Febuluwale kunachita ng'amba.

Munadandaula kuti anthu kutchalitchi akakufunsani za ntchito yanga kuyunivesite kuno mumangoyankha kuti "ndi za makompyuta." Ntchito yake ndi iyi. Tikukonza kakamera kakang'ono ngati bokosi la machesi, koika kutsogolo kwa dalaivala. Kamayang'ana zikope, kaphethiridwe, kuyasamula ndi mutu ukayamba kugwa. Kakaona kuti munthu wayamba kuwodzera, kamalira kuti adzidzimuke n'kuimitsa galimoto. Kumayiko a azungu zida zotere zilipo kale, koma zambiri anaziphunzitsira pa nkhope zawo. Zikakumana ndi nkhope yakuda, dzuwa lakwathu likuwomba pagalasi, zimasokonezeka. Pena zimalira munthu ali maso, pena zimangokhala chete munthu atagona.

Nkhani yabwino ndi yoti mu Juni ndikubwera kudzayesera kwathu konko. Tapeza nyumba yosungiramo katundu pa Mpingu. Tikufuna madalaivala a malole, ndipo aliyense adzayendetsa kawiri: tsiku lina atagona bwino, tsiku lina atachezera osagona.

Achimwene a Chancy ndinawalembera pa foni koma sanandiyankhe. Chonde alankhuleni. Iwo akavomera, anzawo avomeranso.

Mwana wanu,
Mayamiko

*

Nsaru,
2 Epulo 2024

Mwana wanga Mayamiko,

Tikuthokoza Mulungu kuti uli moyo. Ife tili bwino. Mwendo wa amayi ako ukusinthako. Chimanga cha kumtunda chinapsa, koma mtedza wapirira. Ndachedwa kuyankha chifukwa makina osindikizira pa shopu paja anafa, ndiye kalata yako inakhalitsa m'foni ya mpongozi wathu.

Nditawawerengera amayi ako, anatula pansi lichero la nyemba n'kunena kuti, "Ndiye mwanayu waphunzira zaka zonsezi kuti adzaphe mlongo wake?" Ndinawaletsa kulankhula motero, koma nanenso tulo sindinatione bwino.

Ine ndaphunzitsa ana asukulu moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti chinthu chatsopano chimayamba chayesedwa. Koma msewu wa ku Mchinji ukuudziwa. Pa Msundwe tsiku la msika pamakhala njinga, ngolo, mbuzi ndi ana. Iwe ukufuna kutenga munthu woti sanagone, n'kumupatsa lole, n'kumulowetsa pamenepo, kuti uone ngati kabokosi kako kalire? Nanga kakapanda kulira? Wanena wekha kuti pena kamangokhala chete.

Chancy sindinamuuze, ndipo sindimuuza mpaka undifotokozere. Mwina azungu akowo sadziwa kuti kuno munthu akagundidwa pa msewu timamudziwa dzina, mudzi ndi mpingo wake.

Ukamabwera usaiwale timabatire ta kachida kanga ka m'khutu. Tomwe unatumiza tija tatha, ndipo ulaliki ndikungoumvera pa milomo ya abusa.

Ndine bambo wako,
Eliya Kamphinda

*

Joni,
5 Epulo 2024

Okondedwa Ababa,

Ndakondwa kumva kuti Amayi akupezako bwino. Auzeni atole lichero lawo. Kulakwa n'kwanga, ndinalemba mothamanga ngati ndikulembera anzanga akuntchito.

Galimoto yake siyenda. Ilibe matayala ngakhale injini. Ndi mutu wa lole yakale womwe tidzaukhazike pansi m'nyumbamo, uli ndi mpando, chiwongolero, magiya ndi mabuleki. Kutsogolo kwake tidzaika mawayilesi akanema akuluakulu oonetsa msewu. Munthu akakhota, msewu wa pakanema nawo ukukhota. Tinajambulitsa msewu wofanana ndi wakwathu, wautali, wowongoka, wotopetsa, chifukwa wotero ndiwo umabweretsa tulo. Munthu akagona n'kugwera m'ngalande, ngalandeyo ndi ya chithunzi. Amadzuka n'kuseka.

Funso lanu loti "nanga kakapanda kulira" ndi lomwe tinapangira zonsezi. Tikufuna kalephere m'nyumba, pomwe kulephera kwake sikungaphe nkhuku. Kakadzakhoza mmenemo, chaka chamawa tidzayesa m'galimoto yeniyeni, pabwalo lotchingidwa ndi mpanda, mlangizi ali pambali ndi mabuleki akeake. Pa msewu wa anthu, munthu wosagona sitidzamuika ngakhale tsiku limodzi.

Padzakhala namwino. Wosagonayo tikamaliza naye tidzamuperekeza kunyumba pa galimoto yathu, sadzaloledwa ngakhale kupalasa njinga. Wofuna kusiya pakati adzasiya popanda womufunsa chifukwa. Ndipo zomwe tidzajambule ndi za mwini nkhope. Bwana wake sadzaziona, mkazi wake sadzaziona, ngakhale inu Ababa, pokhapokha mwini wake atalola. Pa zimenezi ndinasayina pamaso pa akuluakulu oona za kafukufuku, kuno ndi kwathu komwe.

Timabatire ndagula kale.

Mayamiko

*

Kanengo,
14 Meyi 2024

Mayamiko,

Moni. Ana ali bwino, alamu ako ali bwino. Ndikulemba ndili pa mzere ku okushoni, mabelo a fodya ali m'lole, mzere sukuyenda, ndiye nthawi ndaipeza.

Sindinakuyankhe chifukwa ndinalibe chabwino chokuuza. Ndawafunsa anzanga pano. Ukudziwa dzina lomwe akapatsa kachida kako? Akuti "diso la abwana." Wongani, yemwe timasinthana lole kukampani kwathu, akuti lero mukuti n'kothandiza dalaivala, mawa bwana adzakagula, ndipo munthu ukangoyasamula udzapeza kalata yochotsedwa ntchito ikukudikira pa geti.

Inu ophunzira mukufuna kudziwa ngati dalaivala ali ndi tulo. Bwerani pano mudzaone, sipofunika kamera. Timagona pansi pa lole, pa katoni, udzudzu uli m'makutu. Akangotsitsa katundu foni yalira: thamangira ku Kabudula, alimi akudikira. Pangani kachida kolirira bwanayo kuti munthu akapume, pamenepo ndidzakuwomberani m'manja.

Komabe Ababa anandiitana, anandiwerengera kalata yako yonse ngati phunziro la Lamulungu, mpaka pomwe pali mabatire. Ababa sindingawakanire. Ndibwera, ndipo ndibweretsa anzanga angapo. Koma ine ndichita tsiku logona bwino lokhalo. Ino ndi nyengo ya fodya, usiku wongotaya ndilibe.

Ndayendetsa kuyambira iwe uli ku sekondale, sindinagundepo ngakhale galu. Kabokosi kako kadzatopa n'kundiyang'ana.

Ubweretse nsapato za Cynthia zasukulu, phazi lake lafanana ndi la amayi ake tsopano.

Mlongo wako,
Chancy

*

Nsaru,
7 Julayi 2024

Mwana wanga Mayamiko,

Ndikhulupirira unafika bwino. Pakhomo pano pazizira chichokere iwe, ndipo sindikunena za mphepo ya mwezi uno yokha. Amayi ako akuti unaiwala thumba la mtedza kuseri kwa chitseko.

Ndalemba kuti ndikulimbitse mtima, chifukwa tsiku lija pa Mpingu ndinaona nkhope yako itagwa. Ine ndinasangalala kwambiri. Sindinaganizepo kuti pa ukalamba wanga ndidzagwira chiwongolero cha lole n'kuigwetsera m'munda wa chimanga anthu akuseka. Amayi ako aja ankaopa, ndiwo anakana kutsikamo.

Za Chancy usadandaule nazo. Inde, kachida kako kanalira mobwerezabwereza munthu ali m'mawa, atagona kunyumba kwake, atamwa tiyi. Iye n'kumakuwa ali mkatimo kuti, "Ndili maso ine! Kodi kakufuna ndikaimbire nyimbo?" Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwe unachita bwino kupepesa pamaso pa onse n'kunena kuti mwina ndi kuwala kwa pawindo kapena chipewa chake. Munthu wovomera kuti chida chake chalakwa ndiye wasayansi weniweni. Kwa madalaivala ena aja kanachita bwino, eti? Wongani tsiku lake losagona lija akuti kanamugwira mutu usanagwe n'komwe, ndipo iye mwini akuvomera.

Kuno nkhani yafala kuti Chancy anagonjetsa makina a ku Joni. Pa msika akumutcha "Wosagona." Iye akuyenda chifuwa chili patsogolo. Musiye akondwe, ntchito yake ija zokondweretsa n'zochepa. Chomwe chandisangalatsa ine n'choti ana anga awiri munadyera mbale imodzi n'kumaseka, zomwe ndinaziona kalekale.

Konza pomwe palakwika, udzabwerenso.

Bambo wako,
Eliya Kamphinda

*

Joni,
26 Julayi 2024

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata iyi ndatumiza pa foni yanu, osati kudzera ku shopu. Muwerenge muli nokha, lole itaima.

Chibwerere kuno ndakhala ndikufufuza chomwe chinalakwika pa tsiku lanu lija. Ndinkafuna kupeza vuto la kuwala, poti ndi lomwe ndinapitira kumudzi. Ndinatsegula kanema wanu n'kumamuyendetsa pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi. Kenaka ndinapempha anzanga awiri, osawauza kuti ndinu ndani, kuti aone paokha popanda kachida kaja.

Achimwene, kachida sikanalakwe. Nthawi zambiri zomwe kanalira, maso anu anali otseka. Sikuphethira ayi. Zikope zimatsika, manja ali pa chiwongolero, mutu uli chilili, ndipo lole ya pakanema imayamba kudya mzere wapakati. Pena inayenda mtunda wa bwalo la mpira inu musakuona kanthu. Kachida kakalira mumatsegula maso n'kunena kuti muli maso, ndipo ndikukhulupirira kuti simunkanama. Tulo totere munthu satimva. Ife tonse tinali kumbuyo kwanu, tinkangoona chipewa.

Dokotala wa gulu lathu akuti munthu wogona usiku wonse n'kumachitabe zotere m'mawa, kawirikawiri pamakhala chomwe chikumuwonongera tulo iye osadziwa. Akuti mwina ndi matenda, ndipo ambiri mwa matenda otere amathandizika. Sanganene ali kuno. Mpofunika mukaonedwe kuchipatala chachikulu.

Sindinauze munthu, ndipo kukampani kwanu sindidzauzako. Koma ndikukupemphani ngati mlongo wanu: musayendetse ulendo wautali mpaka mutaonana ndi dokotala. Mukafuna kanemayo nenani, ndi wanu.

Ndinapepesa pagulu tsiku lija. Ndikanakonda kupepesako kukanakhala koona.

Mayamiko

*

Nsaru,
18 Ogasiti 2024

Mayamiko,

Ndinawerenga. Usamaimbenso foni kawirikawiri, ndimakhala pa msewu.

Pa Mpingu unanena wekha pamaso pa anthu kuti makina ako alakwa. Wafika kwa azungu ako, waona kuti digiri ikuthawa, ndiye wapeza kuti wolakwa ndi Chancy. Makina akhale abwino, wodwala ndikhale ine. Wongani ananena, ine osamva.

Ukuti ndisayendetse. Cynthia alowa fomu wanu mwezi wamawa. Stephano akudwaladwala chifuwa. Kodi kamera yako idzawadyetsa? Iwe ukadwala umapita kwa dokotala n'kubwerera pa mpando wako. Ine ndikangonena kwa bwana mawu oti tulo, makiyi apatsa wina tsiku lomwelo.

Kanema wakoyo khala naye. Munthu ndimadzidziwa ndekha ngati ndagona kapena ayi.

Chancy

*

Nsaru,
1 Seputembala 2024

Alamu,

Moni, muli bwanji kumeneko? Kuno ana ali bwino, nsapato zija zinamukwana Cynthia, akuthokoza. Ine sindinazolowere kulemba makalata ndiye mukhululuke.

Achimwene anu sanandionetse zomwe munawalembera, koma tsiku lina anabwera atakwiya, akulankhula okha kuti mlongo wanga akuti ndimagona pa chiwongolero, ati ali ndi kanema, ati ndikaonane ndi dokotala. Anayembekeza kuti ndiseka nawo. Ine sindinaseke, ndiye anandikwiyiranso ine.

Alamu, ine ndimagona nawo nyumba imodzi. Mkonono wawo mumaudziwa, pa ukwati wa msuweni wanu uja anthu anasamuka chipinda n'kumaseka. Koma chomwe anthu sadziwa n'choti pakati pa mkononowo amasiya kupuma. Kumangoti zii. Ine ndimadzuka n'kukhala tsonga kudikira, pena ndimawagwedeza, ndiye amadzidzimuka ngati munthu wotsamwa n'kupitiriza. Kukacha sakumbuka, amangoti mutu ukuwawa. Zinayamba pang'onopang'ono atayamba kunenepa. Masana amagona paliponse, kutchalitchi, pa mpando akudikira madzi osamba, tsiku lina kapu ya tiyi ili m'manja. Ine ndinkati ndi kutopa kwa ntchito. M'lole mwawo mumadzaza mabotolo a zakumwa zoletsa tulo zija ndi chingamu.

Sindinadziwe kuti amenewa angakhale matenda. Chimvereni mawu awo tsiku lija, akanyamuka m'mawa ine mtima umakhala m'mwamba mpaka ndimve lole ikulira pa msewu madzulo.

Ndiye ndikupempha, nditumizireni kanemayo pa foni yanga. Ndikawaonetsa pamaso pa apongozi sangakane. Inu akukukanirani chifukwa ndinu wamng'ono kwa iwo komanso muli kutali.

Ndine mlamu wanu,
Patricia

*

Joni,
3 Seputembala 2024

Alamu,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndaiwerenga kangapo, ndipo ndinalira. Zomwe mwafotokozazo ndinamuuza dokotala wathu popanda kutchula dzina. Akuti zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe njira ya mpweya pakhosi imatsekeka munthu akagona, moti thupi limakhala likudzidzimuka usiku wonse, ndipo kukacha munthu amakhala ngati sanagone.

Koma kanemayo sindingakutumizireni. Ndikudziwa kuti muganiza kuti ndikusamala ntchito yanga kuposa moyo wa mlongo wanga. Nanenso ndadzifunsa zomwezo. Foni ikalira ndi nambala ya kumudzi, ndimayamba ndaganiza kuti ndi uthenga wa ngozi. Ndinapita kwa akuluakulu athu kukafunsa ngati pali njira ina. Anandiuza kuti ndipitirize kuwachenjeza eni ake mosabisa mawu, koma kanemayo ndi wawo.

Achimwene analowa m'galimoto ija chifukwa ndinalonjeza kuti nkhope yawo sidzaonedwa ndi wina iwo asanalole. Anzawo aja analowanso chifukwa cha lonjezo lomwelo. Ndikaliphwanya, ngakhale pa chifukwa chabwino, ndiye kuti zomwe ankaopa zija zachitika, ndipo Achimwene sadzamveranso chilichonse chochokera kwa ine, ngakhale dzina la dokotala.

Koma zomwe mwaona ndi maso anu m'nyumba mwanu si za kafukufuku wathu. Ndi zanu. Palibe pepala lomwe likukuletsani kukauza Ababa.

Mundiyankhe, ngakhale mwakwiya.

Mayamiko

*

Nsaru,
20 Okutobala 2024

Mwana wanga Mayamiko,

Moni wa mwa Ambuye. Tonse tili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti uwerenge zotsatirazi mtima uli m'malo.

Mpongozi wathu sanakuyankhe chifukwa anakhumudwa nawe. Anasunga nkhaniyi mumtima mwezi wathunthu, kenaka anabwera kudzatiuza ine ndi amayi ako, atagwada pakhonde. Ndinamuitana Chancy. Anandimvera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ababa, akazi awiriwa apangana." Ndinamuleka apite, chifukwa ine ndemwe ndinakulembera kuti makina ako analakwa.

Lachiwiri lapitali tinali ndi zovuta. Anatisiya mayi Catherine, mlembi wa amayi a Chigwirizano, ndipo mwambo unali kwawo, kupitirira Kasiya. Mpingo unapempha lole kukampani ya Chancy, ndipo anatuma iyeyo. Kumbuyo kunakwera amayi odzaza, atavala zoyera zawo, ndi abambo angapo. Amayi ako anali momwemo. Ine monga mkulu wa mpingo anandipatsa malo kutsogolo.

Ndinaganiza zoletsa ulendowo. Koma ndikanati chiyani pamaso pa anamfedwa, popanda chomwe ndaona ndekha? Ndiye ndinakwera, n'kutsimikiza mumtima kuti msewu sindiuyang'ana. Chifereni makutu anga ndazolowera kuyang'ana nkhope za anthu, ndipo ndinakhala chammbali n'kumayang'ana ya mwana wanga.

Pa msewu wafumbi zonse zinali bwino, mabampu amamugwedeza. Titalowa pa phula, dzuwa lili paliwombo, amayi kumbuyo akuimba nyimbo yapansipansi, ndinaona zikope zake zikulemera. Anaphethira mochedwa. Kenaka zinatsika osakweranso. Mayamiko, manja ake anali pa chiwongolero bwinobwino, msana uli wowongoka, ngati munthu ali pa ntchito. Koma munalibe munthu mmenemo. Tinadutsa ngolo ya ng'ombe itasenza njerwa, mnyamata woyendetsa anachita kukokera ng'ombe zake kutchire. Matayala akumanzere atayamba kuponda miyala ya m'mbali, ndinamugwira mkono n'kumuitana dzina.

Anatsegula maso n'kuwongola lole mwaluso, n'kunena kuti, "Ndili maso, Ababa."

Ndinati, "Ngolo tadutsayi inasenza chiyani?"

Anati, "Ngolo iti?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane pagalasi lam'mbali. Anayang'ana. Ngoloyo inali ikuonekabe, mwini wake ataimirira pamwamba pa njerwa akutiloza ndi chikwapu.

Chancy anachepetsa liwiro. Anayenda pang'ono, n'kupatukira pansi pa mtengo wa mango, n'kuzimitsa injini. Anatsika n'kukaima kumbuyo kwa lole, kuyang'ana anthu omwe ananyamula. Amayi aja anapitiriza kuimba, ankayesa tayala laphwa. Amayi ako okha ndi omwe anasiya. Kenaka Chancy anatulutsa foni n'kuimbira Wongani, yemwe anabwera pa njinga yamoto kudzatenga chiwongolero. Anthu tinawauza kuti dalaivala sakupeza bwino, ndipo silinali bodza. Tinafika mochedwa, koma tinaika nawo maliro.

Pobwerera anakhala pakati pa ine ndi Wongani. Tisanafike patali anagona, mutu wake uli paphewa panga. Sindinamudzutse.

Sindikudziwa chomwe achite. Usamuimbire, mulekere nthawi. Mu Julayi ndinakutonthoza pa chinthu chomwe sichinafune chitonthozo, ndipo pomwe unkafunadi munthu unali wekha. Tikukupempherera.

Bambo wako,
Eliya Kamphinda

*

Nsaru,
8 Disembala 2024

Mlongo wanga,

Moni. Kuno mvula yagwa, tadzala. Stephano chifuwa chija chasiya. Alamu ako akupereka moni, akuti mkwiyo wawo unatha ndipo alemba okha.

Kanema uja unatumiza nditakupempha mwezi watha ndinamulandira. Sindinayankhe chifukwa ndinatha masiku ndisanamutsegule. Nditamutsegula ndinaonera ndekha kumunda, kenaka ndinaitana Patricia. Chomwe chinandiopsa si maso otsekawo. Ndi pomwe munthu uja akutsegula maso n'kumakuwa kuti ali maso, anthu n'kumaseka kumbuyo. Amakhulupiriradi. Ndakhala ndikuwerenga mumtima misewu yonse yomwe ndadutsa zaka zimenezi, misika, ana asukulu, n'kumadzifunsa kuti ndi ingati yomwe ndinaidutsa ine kulibe.

Kuchipatala chachikulu ndinapita. Anandiyang'ana pakhosi, anandiyeza magazi ndi kulemera, ndipo anafunsa kwambiri Patricia kuposa ine. Akuganiza zomwe ananena dokotala wako. Akuti pali makina ogona nawo othandiza kupuma, koma kuno ndi osowa, ndipo ayenera kundiyeza kaye ndili m'tulo. Andilemba pa mzere. Padakali pano akuti ndichepetse thupi, ndizigona chammbali, ndipo chiwongolero ndisagwire. Patricia anasokera chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera kuti ndisamagone chagada. Ana akuseka, koma mutu wam'mawa uja wachepako.

Bwana ndinakamuuza ndekha. Anandithokoza chifukwa cha chilungamo, anandigwira chanza, ndipo makiyi anapatsa Wongani. Akuti ndikachira ndidzapite tidzaone. Ndinakuuza kuti zidzatero, ndipo zaterodi. Usayese kuti zonse zili bwino. Ndikulima mtedza pa munda wa Ababa, ndipo lole ikamadutsa pa msewu ndimaweramira pansi. Pa msika dzina lija asiya kunditcha. Masiku ena ndimakukwiyirabe, ngakhale ndikudziwa kuti si iwe unanditseka pakhosi.

Maganizo anga pa kachida kako sanasinthe onse. Mukadzakagulitsa kwa mabwana popanda kuwauza kuti dalaivala azipuma, kadzakhala chikwapu basi. Zimenezo uzikawauza akuluakulu ako, unene kuti wanena ndi dalaivala.

Koma Wongani anabwera kuno Loweruka, n'kundifunsa kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni pa ulendo wa maliro uja. Ndinamupatsa foni. Anaonera mpaka kumapeto, anabwerezanso, osaseka. Kenaka anati pali mnzathu wina wa ku Namitete, woyendetsa minibasi, yemwe mkazi wake amadandaula za mkonono womwewu. Anafunsa ngati galimoto yosayenda ija idzabwerenso pa Mpingu.

Unalemba kuti ukafuna kuonetsa kanemayu kwa anthu ena uyenera kundipempha, ndipo ukhoza kuphimba nkhope kuti ndisadziwike. Ndalola, tumiza pepala lako ndisayine. Ukadzabwera udzawaonetse madalaivala onse asanakwere. Koma nkhope usaphimbe. Ukaphimba adzati ndi munthu wa ku Joni, kapena mwachita kupanga pa kompyuta. Aone kuti ndi Chancy Kamphinda wa ku Nsaru, yemwe sanagundepo ngakhale galu.

Mlongo wako,
Chancy